Gwanda Wayamba Kulankhula

Kawale 2,
Lilongwe.
11 Malichi 2024

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo ndithu. Uthenga woti mubwera pa Pasaka kudzaona manda a Amayi ndaulandira, ndipo ndaona kuti mwafunsa za Gwanda, kachinkhwe kaja munawagulira musanapite.

Gwanda alipo. Khalidwe lake mukulidziwa, ndi wa munthu mmodzi. Amayi ankamukanda pamutu iye n'kutsinzina, koma ine ndikangoyandikitsa chala amaluma mpaka magazi. Ndimamupatsa mapira, mpendadzuwa ndi masamba a mpiru, madzi ndimasintha m'mawa uliwonse. Chichitikireni maliro wadzizula nthenga zonse za pachifuwa. Abambo Zebedee, oyandikana nafe oweta nkhunda aja, akuti ndi chisoni. Anandichenjezanso kuti ndisadzamupatse peyala chifukwa limapha mbalame zotere.

Achemwali, Gwanda wayamba kulankhula. Zaka zitatu zonsezi ankangoimba mluzu, koma patatha sabata ziwiri chiikireni maliro, ndikuchapa pakhonde masana, ndinamva m'nyumba: "Tionenji, tsegula." Mawu a Amayi enieni, ndi kutsokomola kwawo kuja kumapeto. Ndinagwetsa beseni. Tsopano amaitana tsiku lililonse.

Ndinafunsa a Zebedee ngati mbalame ingagwire mawu itangowamva kamodzi. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Ayi, mayi, izi zimagwira zimene zamva kambirimbiri, miyezi ndithu."

Ndiye ndikuuzeni zoona. Mutu wa Amayi utayamba kusokonekera, ankatuluka kukafuna basi ya ku Ntcheu. Tsiku lina anthu anawapeza ku Biwi alibe nsapato. Ine tomato wanga kumsika sindikanamusiya, choncho ndinkawatsekera ndi loko kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iwo ndi Gwanda, chakudya chili patebulo. Pa foni ndinkakuuzani kuti pali mayi wina wowasamala. Panalibe munthu. Ndinakuuzaninso kuti anatsirizika ndili pambali pawo. Ndinawapeza atagwa kuseri kwa chitseko, atazizira kale, moti chitsekocho chinandivuta kukankha.

Lachiwiri lapitali ndinagula peyala lakupsa bwino. Ndinalidula n'kufika nalo pakhola pake, ndikudziwa chimene ndikuchita. Gwanda anapendeketsa mutu, nandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutsokomola ngati Amayi. Ndinaona kuti ndikufuna kuwatsekeranso kachiwiri, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Peyalalo ndinakalitaya kudzala.

Mukabwera mudzamumva nokha, n'chifukwa chake ndati muyambe mwamva kwa ine. Mukafuna kumutenga mudzamutenge, mukapanda kutero ndimusunga. Kukhululuka sindikupempha lero, ndikungopempha kuti mubwerebe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Masiku ano Gwanda akaitana ndimayankha kuti, "Ndikubwera, Amayi." Wayambanso kuitana pamene ndikulemba pano, ndiye ndilekeze pomwepa, ndikatsegule.

Ine mng'ono wanu,
Tionenji