Galimoto ya Efraín Yakana Kulira

Lolemba, 4 Malichi

Yakana. Ndapotokola kiyi katatu, imangoti tche, tche, kenako zii. Miyezi isanu ndi iwiri chimwalirire mwamuna wanga Efraín, galimoto yake yachitaliyana ili chikhalire m'garaja, yofundidwa nsalu. Ndinkaopa ngakhale kuikhudza.

A Ocampo, ofuna kuigula aja, afika Loweruka kuchokera ku Monterrey. Amayi akadali chigonere ndi chiuno chothyoka. Kuchipatala cha boma akuti opaleshoni mwina mu Julayi. Kolipira akuti Lolemba likubwerali, bola ndalama. Ndilibenso china chogulitsa.

Lachiwiri, 5 Malichi

Yapita pa bulekidauni. Kufupika kwake, mpaka anachita kuiyalira matabwa kuti isakhule mimba. Dalaivala akuti, "Mayi, iyi ndi galimoto kapena buluzi?" Sindinaseke.

Kukampani yogulitsa magalimotowa pansi pamawala ngati galasi. Khofi m'kakapu konga ka chidole. Wolandira makasitomala, a Mauricio, anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti amuna anga sanapondeko kumeneko zaka zitatu. Ndinatsutsa. E. ankatuluka nayo Loweruka lililonse, nthawi zina n'kunena kuti akupita ku sevisi. Ananditembenuzira kompyutayo. Zaka zitatu ndithu.

Aika batire ina, koma magiya sakulowa, ndiye injini siingalire. Akuti ndi pampu ya giyabokosi. Yochokera ku Italy, masabata asanu ndi limodzi. Mtengo wake ndi ntchito yomwe ukuposa opaleshoni ya amayi. Kungoiyang'ana kokha andidula mapeso 6,000.

Lachitatu, 6 Malichi

Masiku a Loweruka onse aja ankapita kuti? Ndagubuduza madirowa ake ndikuyembekeza dzina la mkazi. Ndapeza timalisiti tolemba pamanja, tamadontho a oyilo: Heriberto Lúa, makaniko, Tlaquepaque.

Ndaimba. Mawu a munthu wamkulu. Atamva dzina langa anandizindikira. "Pepani, mayi. Kumaliro ndinaliko, ndinaima kumbuyo. Bweretsani galimotoyo."

Nditapita kukaitenga kukampani, a Mauricio anandiperekeza mpaka pakhomo. Akuti ikangogwidwa ndi amakaniko a m'makwalala, buku lake la sevisi silidzaonanso chidindo chawo, mtengo ugwa. Ndinawafunsa ngati chidindocho chimalumikiza mafupa. Bulekidauni kachiwiri.

Lachinayi, 7 Malichi

Garaja ya malata, galu wokalamba, wailesi ikuimba. Koma m'katimo muli magalimoto atatu a mtundu womwewu. A Heriberto anagwira kukampani kuja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Akuti E. anayamba kubwera pamene bizinesi yake ya matailosi inayamba kulowa pansi. Ankavala ovolosi yobwereka, kusintha yekha oyilo, kenako n'kudya nawo birria, nyama ya mbuzi yamsuzi, atakhala pa tayala. "Ankachita manyazi kukuuzani kuti kukampani sakukwanitsanso."

Manyazi! Ine ndinkadziwa kuti zinthu sizili bwino, ndinkangodikira kuti anene. Tinkagona bedi limodzi, aliyense atafumbata chake.

Masana ndikuwatembenuza, amayi anakuwa mpaka aneba anagogoda. Kenako akundipepesa ineyo. "Ndakulemetsa, mwanawe."

Lachisanu, 8 Malichi

Yalira! Malata onse kunjenjemera, galu kuthawira panja. Sinali pampu. Kachipangizo ka magetsi konga bokosi la machesi, ndi waya wodyedwa ndi khoswe. Mapeso 1,800. Ndinalira nditagwira chitseko chake.

Ndiye a Heriberto anandikokera mpando. Kilachi yatsala pang'ono kutha, koma zimenezo n'zazing'ono. Malamba a m'kati mwa injini anayenera kusinthidwa zaka ziwiri zapitazo. Anandionetsa ndi tochi, ang'aluka timizere. Lamba akaduka galimoto ikuthamanga, injini yathera pomwepo, ndipo woyendetsayo zili kwa Mulungu. E. ankadziwa. N'chifukwa chake chaka chathachi ankangoizungulitsa pafupi.

Kusintha mpaka atsitse injini yonse. Masabata awiri.

Ndinawapempha kuti mawa asanene. Ndinawagwira mkono, ine, mayi wamkulu. Anati, "Sindiyambitsa nkhaniyi, mayi. Koma akandifunsa ndinena. Akukampani ali ndi chidindo. Ine ndili ndi pakamwa pangapa basi."

Loweruka, 9 Malichi

A Ocampo ndi munthu wansangala, wadazi, dokotala wa mano. Akuti chithunzi cha galimoto yotereyi anachimata kukhoma ali ndi zaka khumi. Anaiyendetsa kuzungulira kawiri, anatsika akuseka ngati mwana. Za chidindo analibe nazo ntchito. Kwa a Heriberto sanafunse kanthu, anangowayamikira ukhondo wa injini.

Anafunsa ine. Foni ili m'manja, chala chili pa batani la banki. "Mayi Marisela, inu ndiye mwakhala nayo. Pali chimene ndiyenera kudziwa?"

A Heriberto ankapukuta sipanala yoyera kale.

Ndinati palibe.

Ndalama zinalowa tisanamalize kusainirana. Pofika 4 koloko ndinali nditalipira kuchipatala. Amayi alowa mawa madzulo, opaleshoni Lolemba m'mawa. Potsanzikana a Heriberto anandipatsa moni wa dzanja, koma maso ali kwa galu.

Ndimaganiza kuti aikweza pa lole. Ayi. Akuti agona kuhotela, mawa aiyendetsa okha mpaka ku Monterrey. Makilomita pafupifupi 800. Akuti mwana wawo wamkazi, amene anabwera naye kudzaona anzake, akwera nawo.

Lamulungu, 10 Malichi

Ndinapita ku Misa yoyamba, ndinatuluka isanathe. Ndalongedza chikwama cha amayi: malaya ogonera awiri, korona, mafuta odzola. Akuti nkhope yanga ikuoneka ngati wodwala ndine.

Ndalamazo sindingabweze, zapita kale. A Ocampo akhoza kunditengera kukhoti. Akhoza kuimitsa zonse, sindikudziwa ngati zimatheka. Ndinakhala pamphepete pa bafa, foni ili pamiyendo, kuyambira 8 koloko mpaka hafu pasiti.

Kenako ndinawaimbira. Inaitana kanayi.

"Mayi Marisela!" Anachita kukuwa, injini ikubangula kumbuyo kwa mawu awo, mtsikana akuseka pambali. "Tadutsa kale Tepatitlán! Ikuuluka, mayi, ikuuluka!"

"A Ocampo," ndinatero, "chotsani phazi pa moto. Imani pambali, muzimitse injini. Dzulo ndinakunamizani."

Kuseka kuja kunaleka. Ndinamva kulira kwa injini kukutsika, kukutsika, kenako matayala pa miyala.

"Ndaima," anatero. "Nenani."