Nkhata ya nyenyezi pamwamba pa munda wanu

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji? Kuno tilipo. Mng'ono wanga Mariamu wachira mwana wamkazi, chipumi ngati chanu. Chimanga ku Namwera chinadyedwa ndi mbozi, koma nandolo watipulumutsa.

Ntchito yanga ikadali yojambula maukwati. Paja munkati kamera siinama, wonama ndi woimirira kutsogolo kwake. Tsono masiku ano ndikumailozetsa kumwamba.

Mwezi wathawu, usiku wina magetsi atazima, ndinaona kanthu kotuwa kumwamba chakumpoto, ngati kamtambo, koma kosachoka. Ndinafufuza pafoni. Akuti ndi mlalang'amba wina, Andiromeda, mudzi wa nyenyezi zosawerengeka, ndipo kuwala kwake kunanyamuka kumeneko zaka zoposa mamiliyoni awiri zapitazo. Pa boma magetsi amakaphimba, choncho ndinakwera minibasi kupita kumunda kwanu, komwe mdima ndi weniweni.

Itatha swala ya usiku ya Isha, ndinaimika kamera pa miyendo yake itatu. Ndisanajambule zambiri, ndinangoona matochi. Amuna asanu, zibonga m'manja. Mbiri ya anamapopa inali itamvekanso kumeneko, ndipo wina anakuwa, "Ndi makina opopera magazi amenewo!" Mwamwayi a Che Saidi, aneba anu akale aja, anandiwalitsa kumaso nati, "Tsitsani ndodo, uyu ndi Asiyatu wa malemu Abiti Jafali." Dzina lanu linandiombola.

Ndinawaonetsa kamtambo kaja pagalasi la kamera. Zibonga anaziika pansi, nkumasinthana kuona. Wokuwa uja anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa: "Ngati kumeneko kuli anthu, poswali amayang'ana kuti?" Ine ndinapitiriza kujambula mpaka kumaliza. Amunawo anandiperekeza mpaka kwa azakhali, m'njira akukanganabe za nkhaniyo.

Kunyumba ndinasanjikiza zithunzizo pakompyuta, chimodzi pamwamba pa chinzake, ndipo kamtambo kaja kanatuluka kopindika ngati nkhata yosenzera ndowa, pakati powala, m'mbali mizere yakuda. Ndani anaipinda choncho? Yasenza chiyani? Kodi kumene muliko imaoneka pafupi, kapena inunso mumaiona ngati kamtambo?

Funso la bambo uja likundisowetsabe tulo. Ndatsukitsa zithunzi zisanu, aliyense wa amuna aja chake. Mwezi ukalowa mumdima ndibwererako, ndikulonjeza, ndipo ndiyamba ndadzera kumanda kudzakuwerengerani pemphero la duwa. A Che Saidi atumiza kale uthenga kuti anthu ofuna kuona achuluka, ndibwere ndi mkeka.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu