Nkhuku Zanga Zakula, Koma Zakana Kukhalira Mazira

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko. Kuno tilipo, azakhali ako akundilalatirabe, ndiye kuti moyo ukuyenda.

Tamvera zodabwitsa! Zaka zisanu ndakhala ndikusiya nkhuku zikuluzikulu zokha kuti ziswane, zing'onozing'ono tinkadya. Lero tambala wanga akundifika m'bondo, galu akamuona amathawira pansi pa bedi! Koma ukuluwo sunabwere wokha, wabwera ndi mlamu wake, ulesi. Mathadzi akuikira mwa apo ndi apo, kukhalira mazira akukana, miyendo yawo yofooka ngati yanga. Ine ndinasankha thupi basi, zinazi anaziitana ndani? Iwe unapita patali ndi sukulu, tandiuza: kodi zinthuzi zimayendera limodzi m'magazi?

Sindikufunsira nkhuku zokha. Kwathu tonse ndife ataliatali ngati mitengo ya magetsi, ndipo ukudziwa matenda amene anatenga amayi ako. Lachiwiri adokotala anandimvetsera pachifuwa nthawi yaitali, nthabwala zanga osaseka ngakhale imodzi. Kenako anafunsa ngati ndili ndi abale ena aatali.

Bwera mwezi uno tidzapite limodzi kwa adokotalawo. Azakhali ako sindinawauze.

Ndine malume ako osamva aja.