Apongozi akangolowa, makina anga amapenga

Aphungu,

Ndine wokonza mawailesi, ndipo posachedwapa ndinapanga makina ofungatira mazira. Mazirawo ndi a apongozi anga aamuna, amene anandibwereka chipinda chakuseri kwa nyumba yawo n'kunena kuti, "Anapiye akaswa, ndidzasiya kudandaula kuti mwana wanga anakwatiwa ndi wosewera ndi mawaya."

M'makinamo muli kachitsulo komva kutentha. Pali kachipangizo kena, kakang'ono ngati nyemba, kamene kamasandutsa kutenthako kukhala manambala n'kumatumiza ku bolodi yoyatsa ndi kuzimitsa babu. Ndikakhala ndekha zonse zimayenda myaa. Koma apongozi aakazi akangolowa, kachipangizoko kamasiya kuyankhulana ndi bolodi. Pena kamangoti zii, pena kamanama kuti mkatimo mwazizira ngati mufiriji, bolodi n'kuyatsa babu mpaka mazira kutsala pang'ono kupsa. Akatuluka, bata.

Kachipangizoko ndasintha, polumikiza ponse ndawotchereranso, koma ayi ndithu. Apongoziwo sakhudza kanthu kanga. Amangokhala pakona pawo n'kumasoka pa makina awo amagetsi akalekale, olira ngati ndege. Ndi mayi odana ndi uve, motero mawaya onse, awo ndi anga, ndinawamanga mtolo umodzi n'kuwakhomerera bwinobwino m'mbali mwa khoma. Tsiku limenelo anandiyamikira koyamba chikwatirireni mwana wawo.

Dzana mtima unandithawa. Ndinawafunsa mwaulemu wonse kuti, "Amayi, kodi m'thupi mwanumu mulibe kachitsulo kenakake?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuyankha kuti, "Bambo, ndiye mwati ine ndine maginito?" Chiyambire pamenepo sanapondenso m'chipindamo, ndipo mkazi wanga akundiyankhula kudzera mwa mphaka. Akuti, "Pusi, uwauze kuti madzi osamba aphitse okha."

Kunena zoona ndili ndi mantha. Mazira akafa ulemu wanga wafera pomwepo, koma ndikapitiriza kuwatsekera kunja apongozi, banja ndi limene life. Kodi alipo anthu obadwa ndi magetsi m'thupi? Ndawagulira kale nsapato za labala, koma ndikusowa poyambira kuwapatsa.

W.T., kuseri kwa msika

A W.T.,

Choyamba, nsapatozo bisani kutali, pena muzivala nokha pamvula.

Apongozi anu alibe mlandu. Wolakwa mwamutchula nokha: mota ya makina osokera. Mota yakale imathetheka timoto mkati, ndipo timototo timamwaza phokoso la magetsi m'waya wake. Uthenga wa kachipangizo kanu ndi wonong'ona. Inu mwatenga wonong'ona n'kumumangirira limodzi ndi woimba ng'oma, lero mukudabwa kuti bolodi sikumva. Mtolo umene munayamikiridwa nawo ndi umene wakudyani.

Masulani mtolowo, mutazimitsa kaye magetsi. Mawaya a uthenga adutse khoma lina, ndipo ngati akumana ndi a mota, angopingasana, asayende limodzi. Afupikitseni, kachipangizoko kakhale pafupi ndi bolodi. Waya wa uthenga mupote pamodzi ndi mnzake wobwerera ngati chingwe, kapena mupeze waya wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, ukondewo muulumikize ku nthaka mbali imodzi yokha. Ikani kapasita kakang'ono, kosefa phokoso la magetsi, pamiyendo yolandirira magetsi ya kachipangizoko, pafupi penipeni, osati kutsidya kwa tebulo. Makina anu ndi a apongozi asamamwere soketi imodzi.

Zikapitirira, chepetsani liwiro limene bolodi ndi kachipangizoko zimayankhulirana. Muiphunzitsenso bolodiyo nzeru: ikamva kuti mazira azizira mwadzidzidzi, ifunsenso kaye isanayatse babu. Kufunsa kawiri musanaweruze kukanakuthandizani inunso dzana lija.

Pakadali pano ikani choyezera kutentha wamba mkatimo, muzisuzumira ndi maso anu. Mazira sadikira kuti mlandu uthe.

Tsono mvetserani. Panopa makina anu akuyenda bwino chifukwa mota ili chete, ndiye musadzinamize kuti mwakonza. Simungadziwe ngati matenda atha pokhapokha mota ija italira pambali, ndipo makina osokerawo musawakhudze mwini wake kulibe, mungawonjezere mlandu wachiwiri. Munthu mmodzi yekha amene angakuthandizeni kuyesa ntchito yanu ndi yemwe munamutcha maginito.

Choncho musanagwire waya, sambani, valani malaya abwino, mukagogode. Musayambe ndi za kapasita. Nenani kuti, "Amayi, ndinalakwa, ndikhululukireni." Akafewa, apempheni akhale pakona pawo asoke ndi mphamvu zawo zonse. Ndipo mawaya atsopanowo muwakhomerere mwaudongo, chifukwa za maginito akhoza kuiwala, koma mawaya olendewera sadzakukhululukirani.

Aphungu