Dzanja Lamanja la Galimoto

Lachisanu, 17 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tonse tilipo, ndipo mawu akuti tonsewo ndawalemba ndi mtima wothokoza kuposa masiku ena onse. Mwina mukudabwa kuti mlongo wanu, amene sachedwa kuimba foni ngakhale nkhani yake ikhale ya mphaka, lero wagwira cholembera. Chifukwa chake n'chakuti pa foni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto. Ndikamaliza ndiijambula n'kukutumizirani. Muyambe mwakhala pansi.

Ndi nkhani ya galimoto yanu. Sindinaiwale zimene munanena tsiku lija mumandisiyira makiyi, kuti galimotoyi ndi yonyamulira Amayi ku mafizo a mwendo wawo Lachitatu lililonse, ndipo munthu woigwira ndi sipanala ndi mmodzi yekha, makaniko wanu a Makutu. Munatinso mukadzangomva kuti yagwidwa ndi manja ena mudzaigulitsa, Amayi azidzayenda pa takisi. Ndinaseka tsiku limenelo, koma ndinadziwa kuti simukuseka, poti inu kuyambira tili ana mukanena chinthu mwanena. Tsono Achimwene, galimoto ija yagwidwa ndi manja ena.

Sabata yatha ndinaona timadontho ta mafuta pansi pa matayala akutsogolo, ndipo ndinapita nayo ku galaja monga mwa lamulo lanu. A Makutu sanasinthe. Akadali ndi ovololo yawo ija yong'ambika pachigongono, ndipo amayambabe aimvetsera galimoto ngati ikuwanong'oneza zinazake asanatsegule boneti. Anagwada, anapaka chala pamafutawo, ananunkhiza, kenaka anati, "Achemwali, makalipa onse awiri akutsogolo atopa." Anandifotokozera kuti kalipa ndi chitsulo chimene chimafinya tayala kuti liime munthu akaponda mabuleki. Dzina lake lokhalo likukuuzani kale zimene mundichite mukamaliza kuwerenga.

Vuto linali lakuti galaja inali yodzaza mpaka kumsewu. Anati malo apezeka Lachinayi la sabata inayo, ndipo galimoto isayende mpaka tsikulo, Amayi apite kaye pa takisi ulendo umodzi wokha. Ndinavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinkang'ung'udza. Simungamvetse kuti Lachitatu ndi chiyani kwa ine. Chidwalireni, Amayi kunyumba amangokhala phee, kuyankha mawu amodziamodzi, koma akakhala pampando wakumbuyo uja pakamwa pamatseguka. Amandiuza za Bambo, za mmene inu munkalirira pometedwa, za anthu amene ndinkaganiza kuti anawaiwala kalekale. M'takisi, pamaso pa mlendo, salankhula. Ine ndinaona ngati akundilanda mayi anga kwa sabata yathunthu.

Pobwerera ndinaima pa shopu yatsopano ya masipeya imene yatsegulidwa pafupi ndi pomwetsera mafuta. Achimwene, muli bwino mmenemo. Magetsi owala, pansi pong'anima, mashelefu mpaka kudenga, osati ku galaja kumene umasowa pokhala poopa kudetsa diresi. Mayi wogulitsa anangofunsa mtundu wa galimoto ndi chaka chake, n'kugogoda pa kompyuta, basi mabokosi awiri ali patebulo. Mtengo wake ndinachita kufunsa kawiri poganiza kuti sindinamve bwino. Mayiyo anali wamtima wabwino. Anatenga cholembera chachikulu n'kulemba pabokosi lina KUMANJA, palina KUMANZERE, akuti kuti womangayo asavutike. Atandifunsa kuti ndikamangitsa kuti, ndinayankha modzitama kuti makaniko tili naye m'nyumba.

Makaniko wakeyo ndi alamu anu. Musathamangire kuwakwiyira, chifukwa iwo anakana. Anati iwo ndi mphunzitsi, chimene anakonzapo pamoyo wawo ndi ayironi, nayonso imagwira munthu mpaka lero. Ndine ndinawaumiriza. Ndinawaonetsa kanema wa pa foni wa bambo wina amene anasintha kalipa mu mphindi khumi osadetsa n'komwe malaya, n'kuwafunsa ngati bamboyo ali ndi manja atatu. Mwamuna ukamufunsa choncho sachitira mwina.

Loweruka m'mawa tinabwereka jeke ndi masipanala kwa aneba, tinayala makatoni pakhonde, foni tinaitsamiritsa pa njerwa. Makalipa akale anatuluka movuta, alamu anu anasupuka chala, koma anatuluka. Ali chigonere pansi anandifunsa kuti, "Mayi, wa kumanja apite mbali iti?" Ine ndinali nditaima kutsogolo kwa galimoto, tikuyang'anana nayo maso ndi maso. Ndinakweza dzanja langa lodyera, n'kuloza tayala limene linali mbali imeneyo. Ndinawanyozanso pang'ono, kuti mphunzitsi wathunthu osadziwa kumanja. Zitsulo zinalowa bwinobwino, mabawuti onse anagwirizana, ndipo tinaomberana m'manja ngati tapambana mpira.

Chimene chinatsala ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi a mabuleki. Tinachita zonse monga ananenera bambo wa m'kanema uja, koma chopondera chinkangokhala chofewa ngati waponda siponji. Botolo la mafuta a mabuleki linatha, ndinakagula lina, nalonso linatha. Nditapita kachitatu mayi wa m'shopu uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Amayi, ine ndimadziwa manambala a pamabokosi, zapansi pa galimoto sindizidziwa. Botolo lachitatu si zabwino ayi. Kaionetseni kwa amakaniko." Ndinamuthokoza, koma botololo ndinagulabe. Tinapeza kuti ukapopa chopondera kawiri kapena katatu mabuleki amagwira, ndipo ndinadziuza ndekha kuti zatsopano zimatero, zizolowera. Alamu anu anati tisaiyendetse. Ndinawayankha kuti woyendetsa ndine.

Ndinafuna ndilembe kuti Lachitatu ndinali ndekha m'galimoto, koma mukanadziwa kuti ndi bodza, poti Lachitatu sindikhala ndekha. Amayi anali kumbuyo, ndodo yawo ili pamiyendo, akundisimbira za ukwati wa azakhali. Mukukumbukira potsetsereka paja musanafike pachipata cha chipatala? Kutsogolo kwathu kunaima lole yonyamula simenti. Ndinaponda mabuleki, phazi linangopita mpaka pansi, fwaa, ngati palibe kanthu. Ndinapopa, ndinapopanso, lole ikungokula m'maso mwanga. Sindidziwa kuti nzeru inachokera kuti, koma ndinakoka handibuleki n'kukhotetsera chiwongolero kumbali kumene anthu omanga mpanda anaunjika mchenga. Galimoto inalowa mumchengamo n'kuima. Pakati pa ife ndi lole ija munthu sakanadutsa.

Amayi anangofunsa kuti, "Tafika?" Ndinati ayi, galimoto yatentha pang'ono, ipume kaye. Kenaka ndinatsika. Ndinaimitsa takisi, ndinawaperekeza mpaka m'manja mwa anamwino, kenaka ndinatuluka panja n'kuimbira a Makutu. Manyazi amene ndinali nawo poimba foni imeneyo sindinawamvepo chibadwire.

Anasiya ntchito zawo zonse n'kubwera ndi galimoto yokokera. Sanandifunse kanthu pamsewupo, anangofuna kudziwa ngati Amayi ali bwino. Ku galaja anaikweza, anachotsa tayala limodzi, n'kusuzumira kamodzi kokha. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. M'malo mwake anandikodola kuti ndigwade pambali pawo, n'kuloza kabawuti kakang'ono kokhala ndi bowo pakati.

"Aka ndi kotulutsira mpweya," anatero. "Kali kuti, m'mwamba kapena pansi?"

Ndinati kali pansi.

"Nanga mpweya ukakhala m'botolo la madzi umapita kuti?"

Ndinati umakwera m'mwamba.

"Ndiye mukanathira mabotolo zana, Achemwali, mpweya ukanangokhala m'mwambamo kukuyang'anani. Uyu ndi kalipa wa kumanzere, mwamumanga kumanja. Amalowa bwinobwino, koma amakhala chadodolido. Ananena mbali ndani?"

Dzina la alamu anu linafika palilime, sindikubisirani, koma ndinalimeza. Ndinawauza kuti ndine, ndipo ndinawaonetsa mmene ndinaimira. Apa ndi pamene anaseka, koma osati monyoza. Anati, "Munaima ngati mukuipatsa moni. Munthu amene mukuyang'anana naye, dzanja lake lamanja lili kumanzere kwanu. Galimoto dzanja lake timawerengera titakhala pa chiwongolero, tikuyang'ana kumene ikupita." Anawonjeza kuti nawonso anachitapo zomwezo akuphunzira ntchito, ndipo bwana wawo anawathamangitsa ndi tayala kuzungulira galaja yonse. Kaya n'zoona kaya amangofuna kundipepuza mtima, ine ndinathokoza.

Ndinayamba kunyoza shopu ija kuti yandigulitsa zinthu zachabechabe, koma anandiletsa. Anatembenuza kalipa mmodzi m'manja mwawo n'kunena kuti zitsulozo n'zabwino, nawonso amakagula komweko masiku ena, ndipo tigwiritsa ntchito zomwezo. Anangozisinthanitsa mbali basi. Ntchito imene inatidyera Loweruka lonse ndi theka la Lamulungu iwo anaimaliza tiyi amene anandipatsa asanazizire.

Kenaka anandiuza kuti ndikhale pa chiwongolero, iwo ali pansi ndi sipanala. "Popani! Gwirani pomwepo! Musasiye! Siyani tsopano." Tinabwereza kangapo tayala lililonse. Achimwene, ndinamva ndi phazi langa chopondera chikulimba pang'onopang'ono mpaka chinachita gwa, ndipo pamenepo ndi pamene misozi imene ndinaisunga kuyambira pamchenga paja inatuluka. Ndinalira ngati mwana, phazi lili pa mabuleki. A Makutu anangokhala pansi pa galimotopo, akugogodagogoda zinthu zimene ndikudziwa kuti sizinkafunika kugogoda, mpaka nditapukuta m'maso.

Pondipatsa makiyi anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa, kuti mumawaimbira kawirikawiri kufunsa za galimoto, ndipo munapangana kuti mulankhulana Lamulungu likubwerali. Ndinawapempha kuti asakuuzeni. Anapukusa mutu. Anati, "Achimwene anu sindinawanamizepo, ndipo sindiyamba ndi imvi izi. Koma sindithamangira kuwauza. Nkhaniyi ndi yanu, ayambe aimva kwa inu." Ndiye musaganize kuti mlongo wanu walimba mtima yekha, achita kundikankha. Komabe ndikuwathokoza pa zimenezonso, chifukwa chinsinsi chimenechi chikanandidwalitsa.

Tsono ndili ndi zopempha. Alamu anu musawanene, akudziimba kale mlandu okha moti chakudya sichikulowa, pamene wolakwa ndine. Mukamalankhula ndi a Makutu Lamulungu muwathokoze m'malo mwanga ndi mawu anu aja aulemu, ine ndinangoti zikomo kambirimbiri ngati sindidziwa mawu ena. Mayi wa m'shopu ndinapita dzulo kukamuuza kuti ananena zoona, anandigwira dzanja n'kunena kuti mtima wake sunakhazikike chichokereni ine.

Chomaliza ndi cha galimoto. Lamulo linali lanu, ndaliphwanya, ndipo ndinaika moyo wa mayi athu pachiswe chifukwa cha kuuma mutu. Mukati igulitsidwe sinditsutsa, makiyi ndikawasiya kwa a Makutu tsiku lomwelo. Koma ngati mumtima mwanu mwatsala kamalo, ndisiyireni Lachitatu langa. Sindilonjeza kuti ndasanduka munthu wofatsa, mukundidziwa, koma sipanala sidzalowanso pakhonde panga.

Alamu anu akupereka moni, ali ndi chala chomanga. Ana akuti muwapatsire moni anzawo, akufunsa kuti mubwera liti. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze akhale pafupi nanu pamene mukuwerenga.

Amayi nawonso akupereka moni. Ndinawapeza m'chipinda mwawo masana ano n'kuwauza kuti ndikulembera Achimwene, ngati ali ndi mawu. Anati ndikuuzeni kuti mwendo ukusintha, tsopano akufika pageti popanda kupuma. Nditatembenuka kuti ndizituluka anandiitananso. Anati, "Umuuzenso kuti asakukalipire kwambiri." Ndinafunsa kuti pa chifukwa chanji, poti ine sindinawauze kalikonse. Anandiyang'ana monga ankachitira ndikaba shuga. "Iwe, wadwala ndi mwendo, si maso. Lole ija ndinaiona, ndi phazi lako ndinaliona likuvina. Ndinafunsa ngati tafika kuti usadziwe kuti ndaopa." Ndinangokhala pansi pambali pa bedi lawo. Anandisisita pamutu n'kunena kuti ndilembe mawu awa monga awanenera, ndipo ndikulemba: "Lachitatu ndikwera ndi mwana wanga."

Ine mlongo wanu wokukondani, amene akudikira yankho lanu,

Mzime