Chithunzi cha buluku

Lachinayi, Malichi, ku Guilleme

Lero mtima sunakhale m'malo. Zithunzi za ku Austria, kumene tinapita kukaphunzira za unamwino, zabwera kuchokera kotsukitsa ku Lilongwe. Envulopu yafika itatsegulidwa kale n'kumatidwanso.

Phiri lija la ku Austria latuluka bwino pachithunzi. Ndinalijambula dzuwa likungotuluka, chipale chofewa cha pansonga chitafiira ngati makala a moto, zala zanga zitauma gwa ndi kuzizira. Amayi aliyang'anitsitsa, kenaka n'kufunsa kuti, "Ufa wonsewu anauyanika pamwambapo ndani?" Ndaseka, koma kuseka kwa pakamwa chabe.

Chithunzi chimodzi palibe. Ndi chija anandijambula mnzanga Agnesi nditaima kutsogolo kwa phirilo, nditavala buluku. M'kuzizira kuja siketi ikanandipha. Koma kuno mkazi kuvala buluku ndi mlandu.

Ndakutumula envulopu katatu, osachipeza. Madzulo ano apampando a chipani andiimitsa pamsewu akumwetulira. "Anamwino, tamva kuti kunja kuja kumazizira zedi. Nanga munkavala chiyani?"

Ndayankha kuti juzi. Mwina anangofunsa. Mwina Agnesi sanadine bwino kamera. Mwina...