Kosi ya Zaituni

Lolemba, 10 Malichi 2008

Makasitomala ochepa. Ma CV awiri ndi kalata ya munthu wodandaula kwa landilodi, basi. Magetsi anazima masana, tinangokhala pakhonde la shopu n'kumakukuta chimanga chootcha. M'pamene Zaituni, mnzanga wa pantchito, anandiuza. Wayamba kosi ya pa intaneti. Yopanga makadi a ukwati, mapositala, zikwangwani. Sukulu yake ili ku Mangalande, mphunzitsi sanamuonepo nkhope. Alipira ndi achimwene ake a Swaleh, a ku Joni aja, ndi khadi yawo ya ku banki.

Ndinati zikuyendere. Pakamwa pokha.

Mtsikana ameneyu pobwera pano ankajompha kiyibodi ndi zala ziwiri ngati nkhuku. Taipi ndinamuphunzitsa ndine.

Lachisanu, 14 Malichi

Tikaweruka amakwera minibasi kupita ku kafe ya intaneti ya m'tauni. Ya kuno ku Kawale akuti imakwawa. Ndinamuperekeza dala kuti ndikaone. Ya m'tauniyo nayonso, tsamba limodzi kuti litseguke ukhoza kukagula mandasi n'kubwerako. Kosi ndalama, kafe ndalama, minibasi ndalama.

Ndinafunsa Greenwell, bwenzi langa, ngati sukulu yopanda bolodi ndi choko ndi sukulu. Ndimafuna anene kuti ndi akuba. Iye akuti, "Dziko likulowera kumeneko, Tiwo. Mnzakoyo ndi wochangamuka."

Wochangamuka. Zaka zonsezi ine sanandinenepo mawu amenewo.

Lachitatu, 2 Epulo

Kompyuta yatsopano yafika. Abwana, a Lucious, aiika patebulo la Zaituni. Ine yakale yomweyo, yolira ngati chigayo.

Wapanga positala ya kwaya ya ku Biwi. Atapita kukaswali ndinaiyang'anitsitsa kuti ndipeze cholakwika. Ndapeza chilembo chimodzi chokha chopendekeka. Mwinanso anachipendeketsa dala. Yokongola, ndisaname. Mutu wandiwawa tsiku lonse.

Loweruka, 19 Epulo

Eness. Mng'ono wanga wa bere limodzi. Analowa m'shopu, anandipatsa moni, anadutsa tebulo langa n'kukakhala kwa Zaituni. Makadi a ukwati wake.

"Musakhumudwe achemwali, ndikufuna amaluwa agolide aja."

Ine andipatsa maina a alendo kuti nditaipe. Madzulo Amayi anagwira khadi ija ngati dzira, kumaitembenuza. "Mwana ameneyu ali ndi manja odala." Anakaionetsanso kwa aneba. Mapulogalamu onse a maliro a pabanja pathu ndinataipa ndine, ulele, palibe amene anawatengerapo kwa aneba.

Lachiwiri, 6 Meyi

A Lucious akuti lendi yakwera, shopu singasunge anthu awiri mpaka kutha kwa chaka. Sanatchule dzina. Koma polankhula amayang'ana khoma la kumbali kwanga.

Ndafufuza mtengo wa kosi ija. Malipiro anga a miyezi ingapo, osadya, osalipira nyumba. Ine mchimwene wa ku Joni ndilibe. Wanga ali ku Mgona, amandiflasha kuti ndimutumizire mayunitsi.

Zaituni wandibweretsera samusa zophika amayi ake. Ndadya. Zokoma. Nazonso zandinyansa kuti n'zokoma.

Lolemba, 23 Juni

Kalekale osalemba. Ukwati wa Eness unatha, aliyense kuyamikira makadi.

Satifiketi ya Zaituni inafika sabata yatha, pa imelo. Anaisindikiza yekha pa printa yathu yomweyi. Pepala loti ngakhale ine nditha kupanga. Lero anapita nalo ku intavyu ku kampani ina yosindikiza mabuku. Wabwerako maso ali psuu. Akuti bambo wa kumeneko analigwira ndi zala ziwiri n'kunena kuti, "Mapepala a pa intaneti ife sitiwadziwa, chemwali."

Analira pa phewa langa. Ndinamusisita kumsana, ndinamuuza kuti Mulungu alipo. Koma mkati mwanga munazizira bwino ngati yagwa mvula yoyamba. Lero ndadya ndi mtima wonse. Ambuye mundikhululukire.

Lachisanu, 27 Juni

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Mayi wa saluni ku Area 23, bambo wa butchala ku Chinsapo, gulu la azimayi a chinkhoswe. Onse polowa: "Tikufuna mtsikana wa mpango uja." Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa za satifiketi.

Ndinamufotokozera Greenwell za intavyu ija, mwina ndinaseka pang'ono. Iye: "Akana pepala, koma luso sanamulande." Ndinamuuza kuti akakwatire lusolo. Kuyambira pamenepo foni ili zii.

Loweruka, 12 Julayi

Zaituni akuchoka. A Swaleh amupezera malo pa shopu ya mnzawo ku Joni. Kumeneko akuti anangoona makadi ake n'kuvomera. Basi ya Lachitatu.

Ndiye kuti ntchito yatsala yanga. Osati ndapambana, angondisiyira. A Lucious anafunsa, "Nanga makasitomala a makadi aja muwatha, a Tiwonge?" Ine kumangokonza mapepala okonza kale.

Potseka shopu Zaituni anandikokera pambali, nandinong'oneza pasiwedi yake. Maphunziro onse akhala otsegula mpaka Disembala. "Zinalipiridwa kale, zisawole. Satifiketi sakupatsani, koma ntchito yake mwaiona nokha." Anaseka. Ndimafuna kukana. Pakamwa panati zikomo.

Ndi pa mtima wabwino pomwe wandiposa.

Lachinayi, 17 Julayi

Anapita dzulo. Kudepoti sindinapite, ndinati m'mimba.

Lero ndinapita ku kafe. Nditalowa, pamwamba moni wa Chingerezi ndi dzina lake. Pansi pake uthenga wa mphunzitsi womuyamikira. Ndinauwerenga wonse, kawiri, nthawi ikutha.

Phunziro loyamba. Mzungu amalankhula ngati akumuthamangitsa, mawu kumadukaduka. Akuti jambulani chozungulira. Changa chinatuluka ngati mbatata. Ndinafufuta. Mbatata ina. Zaituni ankachita izi akucheza nane.

Ola linatha. Eni kafe, a Abdullah, anafunsa ngati ndiwonjezera. M'chikwama munatsala ya minibasi yokha. Ndinawonjezera. Ndabwera wapansi mpaka ku Kawale, mapazi atupa.

Mawa m'mawa kukubwera mayi wofuna makadi a ukwati wa mwana wake. Anafunsa ngati ndimatha ngati mnzanga uja. Ndamuuza kuti eya.